Zala zinali zinayi, ndikulumbira

Poti amene munali ku Bembeke Loweruka lija mwayamba kale kuiponya nkhaniyi m'magulu a WhatsApp, ena mpaka kuthira mchere woti ndinali nditaledzera, ndati ndiikambe ndekha isanafike kwa abusa itamera nyanga. Sindinamwe. Sindinalinso maliseche monga akunenera alamu anga, ndinali nditafunda bulangete. Ndipo zala ndinawerenga kawiri konse, zinali zinayi.

Malotowo anayamba chimanga chitangoyamba kuuma. Usiku uliwonse ndimapezeka pamsika wa Lizulu, pakati pa milu ya kabichi ndi kachewere, kenako apongozi anga aakazi n'kutulukira atanyamula sikelo, ija ya mbedza imene mavenda amapachika pamtengo. Iwo sathamanga, amangoyenda mwaulemu ngati akupita kukapereka chakhumi. Wothamanga ndine, koma miyendo ngati ndaponda m'phala. Ndikadzikoka mpaka kudumpha msewu wa M1 kuti ndithawire tsidya la Mozambique, ndimawapeza ali kale komweko, atakhala pathumba, akundipatsa moni m'Chipwitikizi.

Omasulira sanasowe. Anzanga a pabawo anati sikelo ndi malonda, ndikonzeke kulemera, ndiwagulire tiyi. Gogo wina anati ukalota ukuthamangitsidwa ndiye kuti mizimu ya kwanu yakwiya, ndipite ndikasese kumanda. Mkulu wa mpingo anandikumbutsa za Yosefe ndi ng'ombe za Farao, zisanu ndi ziwiri zonenepa ndi zisanu ndi ziwiri zowonda, koma titafika pa sikelo anangoti tipemphere. Mayi a kunyumba okha ndiwo sanavutike n'kuganiza. Akusenda mbatata, osandiyang'ana n'komwe, anati, “Mukabweze feteleza wa amayi, mudzagona.”

Kumasulira kumeneko sindinakukonde. N'zoona kuti mu Novembala ndinabwereka matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Koma munthu sungatenge maloto akuluakulu chonchija, okhala ndi Chipwitikizi m'kati, n'kuwachepetsa kukhala nkhani ya feteleza.

Wondipatsa nzeru zimene ndinkafuna anali mwana wa mlongo wanga, amene ali ku koleji. Iye anati malume, maloto samasuliridwa, amayendetsedwa ngati njinga. Anandifotokozera kuti mu 1953 akatswiri a ku Chicago anapeza kuti munthu akagona pamakhala nthawi zina pamene maso amayendayenda m'kati mwa zikope, ndipo maloto ambiri omveka bwino amabwera nthawi imeneyo. Zimabwerezabwereza pafupifupi mphindi 90 zilizonse, n'kumatalika kukamayandikira kucha. Nthawi imeneyo ubongo umazimitsa minofu kuti munthu asadzuke n'kumachita zimene akulota, ndipo iye anati mwina n'chifukwa chake miyendo yanga imalemera ku Lizulu. Anatinso mu 1975 ku England, munthu wina wofufuza dzina lake Keith Hearne anajambula ndi makina munthu ali m'tulo akupereka chizindikiro ndi maso, kusonyeza kuti akudziwa kuti akulota. Ukangodziwa kuti ukulota, basi, dziko lonse ndi lako. Ukhoza kuuluka. Wokuthamangitsa umamutembenukira n'kumufunsa chimene akufuna.

Mwaona? Si za kwa sing'anga izi. Ndi za ku Chicago.

Njira yake inali yosavuta. Masana uziwerenga zala zako pafupipafupi mpaka chizolowezi chikulowe m'magazi, kuti tsiku lina udzawerengenso uli m'tulo. Kumaloto zala sizikwana, mwina zisanu ndi chimodzi, mwina zinayi. Uziikanso alamu kuti ikudzutse utagona maola asanu, kenako ugonenso ukudziuza kuti ndikalota ndizindikira. Masabata atatu ndinawerenga zala paliponse. Mu minibasi kondakitala anandibwezera chenji kawiri poganiza kuti ndikumuwerengera. Kutchalitchi mayi wina anandiuza kuti akundipempherera. Zala zinali zisanu tsiku lililonse, ndipo apongozi anapitiriza kundidikira ku Mozambique.

Ndiye kunabwera chinkhoswe cha mlamu wanga, kumudzi kwa mayi a kunyumba. Juni wa ku Bembeke mukumudziwa, amene simukumudziwa musafunse, kumazizira mpaka agalu amaleka kuuwa. Amuna tinaunjikidwa m'chipinda chimodzi, anthu asanu ndi atatu pa mphasa ziwiri, tothinana ngati usipa m'thumba. Kumanzere kwanga kunagona malume awo a mayi a kunyumba, bambo amene anathera unyamata wawo wonse akucheka matabwa ku Chongoni. Iwo ndiye anali atamwa, mkonono wake ngati chigayo cha dizilo.

Foni inanjenjemera m'thumba la jekete itangokwana 3 koloko. Ndinatsegula maso, mdima wokhawokha. Dzanja langa lamanzere sindikulimva, ndinali nditaligonera. Ndinapapasa ndi lamanja mpaka ndinalipeza lili pachifuwa panga, lozizira, lokhakhala. Chizolowezi chija chinagwira ntchito yake. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi.

Ndinayambiranso modekha. Zinayi.

Poti ndine munthu wosamala, ndinalitsina dzanjalo. Ndinalitsina ndi mtima wonse, mpaka zikhadabo kulowa. Sindinamve kanthu ngakhale pang'ono. Abale anga, chimwemwe chimene ndinamva pamenepo sindinachimvepo ngakhale tsiku la ukwati wanga. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma nthawi imeneyo miyambi inali kutali nane. Funsani aliyense wa inu anzeru, mukanakhala inu mukanaganiza kuti munthu wina wasiya dzanja lake pachifuwa panu? Mukanakumbukira pa 3 koloko usiku kuti sowo inadya chala cha malume kalekale ine ndisanabadwe?

Ndinadzuka, ndinadzikulunga bulangete, ndinaponda anthu awiri osapepesa, poti anthu a kumaloto sapepesedwa. Nditatsegula chitseko, mudzi wonse kunalibe. Nkhokwe kunalibe, khola kunalibe, ngakhale mtengo wa mapichesi wa pabwalo kunalibe. Kunali utsi woyera wokhawokha ndi kuwala kofiira chapatali. Chinali chifunga, ndikudziwa tsopano. Koma munthu amene wangowerenga zala zinayi ukamuonetsa zoterezi, umayembekezera kuti aganize chiyani?

Ndipo m'chifungamo munatulukira apongozi. Akuyenda pang'onopang'ono, mwaulemu, duku kumutu, m'dzanja muli chinthu chikulendewera. Atayandikira ndinaona kuti sikelo ija yasanduka nkhuku yosonsola. Sindinadabwe. Kumaloto zimatheka.

Muyenera kumvetsa kuti pa zaka zisanu ndi zitatu za ukwati wanga, mayi amenewa sindinawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Moni ndimapereka nditanjuta, nkhope ili kumbali, mawu ngati a mwana wodwala. Ndiye usiku umenewu ndinaima pakati pa bwalo, miyendo tang'a, manja m'chiuno, n'kukuwa:

“Iwe! Ima pomwepo!”

Anaima.

“Lero sindithawa. Nena, ukufuna chiyani kwa ine?”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata, kenako anati, “Akamwini, kwagwanji? Mwadwala?”

“Usandinamize ndi ulemu. Iwe si weniweni. Ndiwe maganizo anga chabe. Ndakufunsa, ukufuna chiyani?”

Mayi aja anasinthira nkhuku kudzanja lina. Anakhosomola pang'ono. Ndiye ndi mawu ofatsa, omwe aja amapempherera chakudya, anati, “Poti mwafunsa nokha bambo, ndi matumba awiri aja.”

Ndinaseka. Ndinaseka chikhakhali mpaka kugwira m'mimba, chifukwa ndinaona kuti ngakhale ubongo wanga womwe wagwirizana ndi mkazi wanga. Ndinawauza kuti kuno kulibe feteleza, kuno mfumu ndine. Ndinawauza, popanda wondifunsa, kuti thumba lobereketsa silinafike n'komwe kumunda, ndinagulitsa pa Chimbiya n'kugula foni. Ndinaitulutsa foniyo kuwaonetsa. Ndinawauzanso kuti ndiwo zawo mchere umachuluka, ndakhala ndikupirira kuyambira chaka chimene ndinakwatira, ndipo tambala amene anasowa pa Khirisimasi sanagwidwe ndi fisi.

Apa m'pamene ndikanalekera. Koma ndinakumbukira kuti mwana wa mlongo wanga anati chilichonse cha kumaloto ukhoza kuchisintha. Ndinaloza apongozi ndi chala.

“Sanduka mbuzi.”

Sanasanduke.

Ndinaganiza kuti mwina mawu achepa mphamvu. Ndinayandikira, ndinatsinzina, ndinaliza zala. “Sanduka mbuzi!” Nditatsegula maso anali chiimire, nkhuku ili m'dzanja, akundiyang'ana ngati mmene nesi amayang'anira munthu wobwera kuchipatala mochedwa. Ndinatsitsa mtengo. Ndinati chabwino, ngati mbuzi yavuta, nkhosa. Ndinayesa kalulu. Ndinazungulira mayi wa mkazi wanga kamodzi, bulangete likukweka pansi, ndikuliza zala mbali zonse ngati wovina ngoma wosowa chishango. Pomaliza ndinawapempha, mwaulemu ndithu, kuti angochepa msinkhu pang'ono kuti ndione ngati zikugwira. Iwo anangoti, “Ndamva, bambo.”

Chimene sindinadziwe n'chakuti kuwala kofiira kuja unali moto wa kukhitchini, ndipo pamotopo panali amayi osachepera khumi amene anachezera kuphika za chinkhoswe. Onse anali chete, zipande m'manja. Mmodzi akuti analuma chitenje kuti asaphulike.

Nditaona kuti apongozi a kumaloto ndi ouma mutu ngati enieni, ndinaganiza zongouluka. Pabwalo panali ngolo. Ndinakwera, ndinatambasula bulangete ngati mapiko a mleme, n'kulengeza ulendo wanga mokweza kuti aliyense amve: ndiyamba ndakatera pansonga pa phiri la Dedza, mamita 2,198, ndikapume pang'ono, kenako Johannesburg, ndibwera kusanache. Ndinawerenga mpaka katatu.

Ulendo wonse unatha mita imodzi. Phazi lamanja linatera pamwala, lamanzere m'beseni la thobwa limene analiika panja kuti lizizire, ndipo thupi lonse linatsatira lamanzerelo. Thobwa la m'Juni likakulowa m'khutu, palibe wa ku Chicago amene angakuuze kuti ukulota. Ndinagona chagada ndikudikira kuti ndidzuke. Ndinadikira ndithu. Chimene chinabwera ndi tochi, ndipo kuseri kwa tochiyo mawu a mayi a kunyumba: “Bambo a mwana, mwatani?”

Ndinakweza dzanja lamanzere pakuwalapo. Zisanu. Zonse zilipo, zikudontha thobwa.

Kutacha nkhani inali italemera kuposa mmene ndinkaganizira. Za mchere ndi za mbuzi anthu anaseka, koma mkamwini wolengeza pa 3 koloko usiku kuti akupita ku Johannesburg ndipo abwera kusanache, kumudzi sazitenga mwachibwana. Gogo wina anatuma mwana kukaona ngati malichero onse alipo. Ankhoswe, amene anabwerera za mlamu wanga, anayamba ndi mlandu wanga. Ndinakhala pansi, bondo likutupa, n'kuyamba kufotokoza za maso oyendayenda ndi mphindi 90. Palibe anagwedeza mutu. Nditatchula England, wina anati, “Mwamva? Amafikanso kumeneko.”

Anandipulumutsa ndi malume. Anatuluka m'nyumba akuyasamula, akudandaula kuti china chake chawaluma usiku, n'kukweza dzanja lawo la zala zinayi, pali mabala awiri a zikhadabo zanga. Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Apongozi okha sanaseke. Anatuma mwana kuti andipatse madzi ofunda osamba ndi tiyi, ndipo masana, pogawa chakudya, mbale yanga ya ndiwo inabwera payokha, yophimbidwa bwino. Munalibe mchere ngakhale kambewu kamodzi.

Ndiye inu amene mukundiimbira foni n'kumalira ngati mbuzi, pitirizani, mayunitsi ndi anu. Ine ndikungoti njirayo payokha ilibe vuto, vuto linali kagonedwe. Mwana wa mlongo wanga akuti ndikanatsina mphuno n'kuyesa kupuma, poti mphuno sungasokoneze ndi ya munthu wina. Anakumbukira kundiuza zimenezi Lolemba.

Thumba limodzi ndabweza, foni ija ndi imene yapita, ndikulemba pa ya mayi a kunyumba. Lachiwiri tagwirizana kuti ndikagulitsa kachewere. Tambala sanamutchule, inenso sindinamutchule. Ku Lizulu sindikulotako masiku ano, ndikulota malume akundithamangitsa ndi sowo, koma iwo amatopa msanga.

Amene anatola patapata wanga wakumanzere pafupi ndi ngolo, wabuluu, chonde mupatsire alamu anga akamabwera kuboma.