Zaka 6 za kashopu kathu pa Ntcheu boma, ndi kompyuta ija inatsala pang'ono kutitsekeretsa

Abale anga, mwezi uno kashopu kathu kakwanitsa zaka 6 chitsegulireni ndiye ndati ndilembeko, poti ambiri mumangotiona tikutayipa ma CV, kupulinta makadi a ukwati ndi kuika nyimbo mu memory card koma simudziwa kuti mu 2023 tinatsala pang'ono kukhoma loko pachitseko osabwereranso.

Tinayamba mu 2019 ndi kompyuta imodzi yokha yomwe amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni, ya purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Core 2 Duo, RAM (memory yogwirira ntchito) yake 4GB ya mtundu wakale wa DDR2, kulemera ngati thumba la kachewere wa ku Tsangano. Imachedwa kuyaka inde, koma inatidyetsa, lendi imachokera momwemo, fizi ya ana momwemo.

Ndiye November 2023 magetsi anathima masana, pobwera usiku anabwera ndi mphamvu ndipo ine ndinali nditaiwala kuzula pa soketi. Mmawa kudina batani, zii, kafungo kakupsa basi. Power supply, chida chogawa magetsi mu kompyutamo, yapita. Mwezi womwewo ndi umene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, katundu yense wamakompyuta amachokera kunja ndiye mitengo imasintha ukadali mu minibasi. Ndinapita ku Lilongwe, bambo wina wogulitsa zida anandilumbirira kuti power supply akundipatsayo ndi yatsopano, pomwe inali yakale anangoipukuta fumbi nkuika mu katoni. Inatha masabata awiri ndipo popita inapita ndi hard disk, mosungira mafayilo onse. Achimwene inu ngati mukuwerenga izi, ndalama ija munadya koma dziwani kuti anthu angapo andifunsapo kogula zida ndipo kwanu sindinawalozere ndi mmodzi yemwe.

Chinandipweteka si chitsulo ayi, ndi zomwe zinali mkatimo. Ma CV a anthu a zaka zinayi, ma dizayini onse a makadi, makalata a mipingo, ndi khadi la ukwati la mayi ena a ku Kampepuza lomwe tinali titamaliza kukonza kutatsala sabata kuti ayambe kugawa. Mayi aja atabwera sanakalipe, anangoti "mwananga ndiye titani", ine kusowa poyang'ana. Tinakonzanso usiku wonse pa laputopu yobwereka.

Apa mpamene mutu unaima, ndikonzenso yomweyi kapena ndimange ina? Mtima umati konza, ndi ya amalume, ndipo pamaso kukonza kumaoneka kotchipa. Koma nditatsegula bwinobwino ndi tochi ndinaona ma capacitor (tizitini tosunga magetsi) atatu pa motherboard, bodi yaikulu yomwe zida zonse zimalumikizidwapo, atatupa pamwamba, kutanthauza kuti ngakhale ndiike power supply ina ndi disk ina, mawa lake bodi ikanandigonera. RAM ya DDR2 siyipezekanso mwachisawawa, ndipo suyingalowe mu bodi ya masiku ano, chimodzimodzi purosesa. Komanso Microsoft inali itanena kale kuti Windows 10 isiya kulandira ma update pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachida kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya 8th generation kupita mtsogolo. Ndikanathira ndalama m'dengu lobooka.

Ndalama yomangira yatsopano ndinalibe. Ndinapita kwa munthu wina wa katapila yemwe timapemphera naye, anati pa K100,000 iliyonse ndibweze K150,000 mwezi ukatha, chikole printa yanga. Printa yomwe ndimadyera! Ndinamuthokoza nkutuluka, mpaka lero timapatsana moni koma ndinamudziwa.

Amene anandipulumutsa ndi mayi a kunyumba, anakatenga ngongole ku banki mkhonde yawo ndipo tinamanga pang'onopang'ono miyezi inayi. Choyamba bodi ndi purosesa ya Core i5 ya 8th gen yogwiritsidwapo kale koma yoyesedwa ine ndikuona, kenako RAM 8GB ya DDR4, kenako SSD (disk yamakono yothamanga) ya 256GB, power supply yokha ndiye ndinakana kunyengerera, ndinagula yatsopano yomata. Chikesi, monita ndi kiyibodi ndi zomwe zija za amalume, zilipobe. Pomaliza UPS, batire yoteteza kompyuta magetsi akathima kapena akabwera ndi mphamvu, ndipo pano Loweruka lililonse mafayilo a makasitomala timawakopera pa disk ina yomwe imagona kunyumba.

Ndithokoze Mulungu choyamba. Mayi a kunyumba zikomo, munapirira ndiwo zamasamba miyezi yonse ija osadandaula. Amayi onse a banki mkhonde, aphunzitsi aja munatibwereka laputopu yanu mpaka inu kumalemba ma scheme pamanja, alandilodi munatidikira miyezi iwiri, anyamata a kabaza mumatibweretsera anthu kuchokera ku depoti, ana asukulu, makasitomala a ku Lizulu, Biriwiri, Bawi ndi Mphate omwe simunatithawe pomwe timakuuzani kuti bwerani mawa, Ambuye akudalitseni nonse. Amalume, chikesi chanu chikugwirabe ntchito.

Chifukwa cha zomwe tinadutsamozi pano tikukonzanso makompyuta. Musataye yanu musanatifunse, zambiri zomwe anthu amati zafa zimangofuna SSD, kuchotsa fumbi kapena kabatire ka CR2032 kaja kamasunga tsiku ndi nthawi, ndipo ngati RAM yake ndi ya DDR3 kupita mtsogolo nthawi zambiri imadzuka nkumathamanga bwino pa ntchito za mu ofesi. Koma ikakhala ngati yanga ija tikuuzani poyera kuti apa musawonongepo ndalama, nkukuwerengerani mtengo womangira ina pogwiritsa ntchito zida zanu zomwe zikadali zamoyo. Timatsegula inu muli pompo, chida chomwe tachotsa mumapita nacho. Kuyeza ndi ulere mwezi uno wonse, kulipira ndi Mpamba, Airtel Money kapena kashi. Tili kufupi ndi msewu wa M1 pa boma pompano, Lolemba mpaka Loweruka, mukabwera musaiwale chingwe chake cha magetsi.