Ulendo wathu wa ku Zomba Botanical Garden

Abale a gulu lathu lobzala mitengo kuno kwa Chilobwe, ndati ndilembe za Loweruka lija tisanayambe kutsutsana kuti zinayenda bwanji, poti ena ayamba kale kukokomeza kkkk.

Tinagwirizana 6 koloko koma tinanyamuka cha m'ma 8, chifukwa chake mukuchidziwa nonse, a Tcheya anabwerera kukatenga chipewa chawo chija. Titangodutsa pa Namadzi tayala lakumbuyo linaphulika, phuu! amayi msungichuma anakuwa dzina la Yesu atakumbatira poto wa nkhuku, chikwama cha ndalama chili pansi. Sipeya analipo koma jeki panalibe, ndiye anyamata athu anatola miyala nkukweza minibasi ndi manja, agogo athu akuimbira nyimbo ngati tili pa dima. Tinakhala pamsewu pafupifupi ola lathunthu koma palibe anadandaula, mpaka pa Thondwe tinaimanso kugula tomato ndi nthochi.

Titafika ku Zomba Botanical Garden anatifotokozera kuti munda uja anauyambitsa Alexander Whyte mu 1891 nthawi ya atsamunda, ndipo pano uli m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Tinaona mitengo ina ili ndi zikwangwani za maina, a sekilitale analemba zonse m'kope.

Koma ine chinandigwira mtima ndi Mulunguzi. Mtsinje ukuchokera ku phiri ngati mmene madzi amatsikira kwathu kuchokera ku Soche, koma m'mbali mwake muli mitengo ndi nsungwi, mizu yagwira dothi zolimba, madzi oyera mpaka kuona miyala pansi. Ndinaviika dzanja, kuzizira kwake! Ndinakumbuka March 2023, matope a namondwe wa Freddy akutsika ndi miyala kukokolola nyumba ndi abale athu, ndipo sindinali ndekha, mayi ena awiri anangokhala pamwala osayankhula. Tinawasiya kaye. Chapatali ophunzira akuwerenga pamthunzi, ana akuthamangitsana pa kapinga opanda woopa galimoto. Kwathu mwana akafuna kusewera ndi pamsewu kapena m'ngalande basi.

Mkangano unabuka pa nsima. Anyamata akuti kamalo ka gulu lathu kaja kuno kwa Chilobwe kakhale bwalo la mpira, amayi akuti ayi mitengo yokhayokha, mpira umathyola mbande, mawu anakwera ndithu mpaka ntchafu ya nkhuku inasowa mpoto anthu ali mkati mokangana (wa malaya ofiira, tikukudziwani). Anathetsa ndi agogo, anati pakati pasiyidwe poyera ana azisewera, mibawa ndi nsungwi zipite kumbali ya khwawa, udzu wa vetiva m'mizere potsetsereka, ndi mabenchi awiri achikulire azipumirapo. Tonse tinaomba m'manja, ngakhale goloboyi wathu anali akadali kung'ung'udza za magolo.

Zikomo amayi onse munadzuka 4 koloko kuphika, a dalaivala poleza mtima ndi kwaya yathu ya mumsewu, achimwene munabwereketsa sipika, komanso aliyense anasonkha ngakhale sanapite nawo. Amene muli ndi zithunzi za tayala lija tumizani pa gulu la WhatsApp. Loweruka likubwerali tikumane 7 koloko ku nazale, bwerani ndi makasu ndi machubu, ndipo a Tcheya chipewa chigone m'chikwama.