Tinazimitsa nyali, valavu n'kupsera pa Thabwa

Sabata ino pa galaja yathu yathera pa Toyota Sienta imodzi. Zina zinali za masiku onse: masevisi, mabuleki a minibasi, ka Mira kodontha oyilo pa kava ya mavalavu. Sienta imeneyi inatuluka pa geti lathu Lachiwiri ikudziyendera, Lachisanu n'kubwera pa chingwe valavu itapsa, chikhalirecho vuto lomwe linaipha linali litalembedwa kale pa jobu khadi.

Ndi ya injini ya 1NZ-FE, malita 1.5, imanyamula anthu pakati pa Blantyre ndi Chikwawa. Dandaulo la dalaivala linali loti nyali ya check engine yayaka, galimoto ikulefuka pa chitunda, komanso ikumwa. "Achimwene, ingoichepetsani mafuta, ikundidyera phindu." Pempho limeneli tonse tikulimva tsiku ndi tsiku chikwerereni mtengo wa petulo. Koma sikana, kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto, inanena zosiyana: khodi P0171, mafuta akuchepa kale poyerekeza ndi mpweya. Galimoto yomwe dalaivala wake akuti ikumwa inali ndi njala. Imaoneka ngati ikumwa chifukwa mphamvu zikasowa phazi limapita pansi, ndipo chitunda chokwera mu giya yapamwamba umachikwera injini ikukuwa.

Khodi yokha siuza munthu chosintha, ma fuel trim, manambala oonetsa mafuta omwe kompyuta ya injini ikuonjezera kapena kuchotsa, ndiwo amalozera. Injini itatentha bwino, pa idling kompyuta imaonjezera mafuta ndi 12 peresenti. Pa 2500 rpm inafika m'ma 20. Pamsewu, ndikaponda pang'ono pokwera, imadutsa 30. Kakweredwe kameneka n'kofunika kuposa manambala enieniwo. Mpweya ukamalowera pa paipi yong'ambika kapena pa gasiketi ya manifold, trim imakhala yaikulu pa idling n'kumatsika ukakweza rpm, chifukwa kabowoko kamachepa mphamvu mpweya wolowera pakhomo ukachuluka. Ikamakwera pamodzi ndi katundu, ndiye kuti mafuta sakufika okwanira, apo ayi MAF, sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, ikuwerenga mpweya wochepa kusiyana ndi womwe ukulowadi.

Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa ndaonapo anzathu akusintha oxygen sensor yabwinobwino, sensa ya pa ekizosi youza kompyuta mmene mafuta apsera, chifukwa cha trim ya +5. Nambala ya 14.7 kwa 1 yomwe tinaloweza kusukulu, kutanthauza makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya mafuta, ndi ya petulo wosasakaniza. Wathu kuno amathiridwa ethanol wochokera ku nzimbe, wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa komweko. Ethanol payekha amafuna mpweya wochepa, cha m'ma 9 kwa 1. Petulo wokhala ndi 10 peresenti ya ethanol amapsa mokwanira pa 14.1, wa 20 peresenti cha pa 13.5. Ndiye galimoto yochokera ku Japan ikamaonjezera 3 mpaka 7 peresenti pa mafuta athu, sikudwala. Koma kudutsa 10, fufuzani. Kudutsa 20, galimoto isatuluke.

Okayikiridwa anali awiri, ndipo onse amakokera mbali imodzi. Sefa ya mpweya inali ya zotchipa zija zomwe sizikhala bwino m'bokosi, mbali imodzi inasiya mpata wolowa chikhadabo, ndipo kawaya ka MAF kanali katavala fumbi lofiira. Kawaya kameneka kamatenthedwa ndi magetsi, mpweya wodutsa n'kumakaziziritsa; fumbi likakakuta sikazizira msanga, kompyuta imaganiza kuti mpweya ndi wochepa, imapereka mafuta ochepa. Mankhwala opopera MAF mu sitolo mwathu anatha kalekale. Anyamata amangotenga otsukira kabureta, omwe amatha kuononga pulasitiki ndi sensa yomwe. Ndinatuma kukagula kabotolo koyenera, tinapopera osakhudza kawayako, tinaika sefa yeniyeni. Trim inatsika, koma pang'ono. Pa katundu inali ikadali m'ma 20.

Chotsala chinali pampu. Dalaivala anavomera yekha kuti mizere ikatalika pa filling station amagula wa m'zigubu, ndiponso kuti amathira wa ulendo umodzi basi, nyali ya thanki imakhala chiyakire. Pampu ya m'thanki imaziziritsidwa ndi petulo yemwe yamiramo, ndipo pa injini iyi sefa ya mafuta ndi regulator zili momwemo m'thanki. Buku la galimotoyi limafuna pulesha ya mafuta ya 304 mpaka 343 kPa. Kuyeza kwake ndi ntchito yosafika theka la ola. Geji yathu ya pulesha inabwerekedwa ndi munthu wina wodziwana ndi abwana, sinabwerere, ndipo pempho logula ina lakhala pa tebulo lawo chiyambire nyengo yozizira. Galaja yokhala ndi mpanda wa njerwa, chikwangwani chowala usiku ndi mtsikana wolandira alendo, koma ilibe geji.

Ndinalemba pa khadi: pulesha ya mafuta sinayezedwe, pampu ikukayikitsa, galimoto isanyamule katundu pa chitunda. A manijala anawerenga, anayang'ana dalaivala yemwe amangoona wotchi, n'kunena kuti, "Amisiri, galimoto ya bizinesi sigona pa galaja. Mwatsuka sensa, mwasintha sefa, basi. Chotsani batire nyaliyo izime." Mnyamata wophunzira ntchito anatumidwa ndi sipanala ya 10.

Amene sagwira injini amaona ngati kuchotsa batire n'kungozimitsa nyali. Kumafufutanso long term trim, yomwe ndi mafuta oonjezera amene kompyuta inaphunzira kupereka pobisa kufooka kwa pampu. Poyenda mwa pang'onopang'ono m'tauni imaphunziranso, chifukwa ikumvera oxygen sensor. Koma ukaponda mpaka pansi kompyuta imasiya kumvera sensa ija. Imawerenga MAF, imatsegula ma injector, timipopi tolavulira mafuta mu injini, kwa nthawi yomwe inalembedwa kufakitale, n'kukhulupirira kuti pulesha ili momwe iyenera kukhalira. Pamenepo cholinga chake ndi cha m'ma 12.5 mpaka 13 kwa 1. Mafuta opitirirawo sakutayika: ndiwo amapereka mphamvu zonse, ndiwonso amaziziritsa mutu wa pisitoni ndi mavalavu a ekizosi. Tsopano mafuta achepe ndi 20 pa 100 alionse, 12.5 ija imasanduka 15.6. Muyeso wotere ulibe vuto pa msewu wosalala phazi lili m'mwamba. Pa katundu yense ndi ng'anjo. Knock sensor, yomwe imamva kugogoda kwa injini, imabweza timing, nthawi yoyatsa moto, kuti injini isagogode, moto umachedwa kutha, umatuluka valavu ya ekizosi ikutseguka, ndipo valavuyo ndiyo imalipira.

Tsono ganizirani msewu wake. Kuchoka pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa, galimoto imakwera mamita pafupifupi 900 kuti ifike ku Blantyre, makona okhaokha, anthu odzaza, matumba kumbuyo, dzuwa la m'chigwa cha Shire lili pamutu. Palibe popumira injini.

Lachitatu ndi Lachinayi zinadutsa mwa nthawi zonse, kupatula ziwiri zomwe zikukhudza nkhani yomweyi. Ka Nissan 1400 konyamula njerwa kanabwera kakutsamwa ukaponda. Titatsegula kabureta tinapeza kachingwe ka waya wa magetsi katalowetsedwa mu main jet, kabowo kodutsa mafuta, ntchito ya wina wa pansi pa mtengo yemwe analonjeza kuti kazimwa pang'ono. Tinakachotsa, tinayeza float, tinayamba ndi timing monga mwa lamulo, kenako sikuluwu ya mixture: kuimanga mofewa mpaka ifike, kuibweza maulendo awiri, kufunafuna pomwe injini ikulira mosalala ndi mokwera, n'kubwezera idling cha m'ma 800. Sikuluwu imeneyi imalamula pa idling pokha, ngakhale eni magalimoto amaiona ngati mpopi wa thanki yonse. Ndipo kabureta sadziwa kuti ali kuti. Womuumira mafuta ku Blantyre akatsikira ku Nchalo, komwe mpweya ndi wothinana, amauma kuposa pamenepo. Inayo inali Probox yomwe imamwadi, ya utsi wakuda ndi mapulagi a mwaye. Wina anaichotsa thermostat poopa kuwira. Madzi samafika pa 82 digiri pomwe thermostat imayamba kutseguka, sensa ya madzi imauza kompyuta kuti kukadali m'mawa, kompyuta n'kumathirabe mafuta a injini yozizira tsiku lonse. Thermostat yatsopano, mapulagi, oyilo chifukwa wakale amanunkha petulo. Ofuna kusunga mafuta ayambire pamenepa, pa matayala opopa bwino ndi pa mabuleki osagwira okha.

Lachisanu masana Sienta inalowa ikukokedwa. Dalaivala anati inayamba kulira ngati timiyala m'chitini pokwera, kenako inayamba kunjenjemera, mphamvu n'kuthera pomwepo. Mapulagi onse anali oyera mbee, opanda kufiirira kuja kwa injini yokhuta bwino. Ya silinda yachitatu nsonga yake inali itadyeka, pa dongo loyera pali timadontho tonyezimira. Kompulesheni m'masilinda atatu inali yofanana, cha m'ma 13 bar. Yachitatu sinafike 4, ndipo kuthira oyilo pa bowo la pulagi sikunasinthe kanthu, kusonyeza kuti si maringi. Titatsitsa hedi tinapeza valavu imodzi ya ekizosi itadyeka m'mphepete, kampata kolowa mutu wa machesi, m'mbali mwake mwayera ndi kutentha. Pisitoni inapulumuka.

Geji inapezeka tsiku lomwelo. A manijala anaimba foni ku galaja ina, mnyamata anakwera kabaza kukatenga. Pa idling singano inaima pa 230 kPa, ukaponda imagwa pansi pa 200 m'malo moima nji. Kasefa ka pansi pa pampu kanali kataphimbidwa ndi matope a bulawuni ndi tizidutswa ta dzimbiri, ndipo petulo wa pansi pa thanki titamuthira m'botolo loonekera, madzi anakhala pansi pake. Ethanol amakoka madzi, ndipo zigubu zosungidwa padzuwa zosatseka bwino zimabweretsa zonsezi pamodzi.

Chomwe chandiwawa kwambiri ndi bilu. Ofesi yalemba ngati vuto latsopano: gasiketi ya hedi, valavu, masilo a mavalavu, kupala hedi, pampu, ntchito, zonse pa mutu wa dalaivala, yemwe galimotoyo si yake ndipo madzulo alionse amayenera kupereka ndalama kwa mwini wake. Nditaonetsa khadi la Lachiwiri anandiyankha kuti kasitomala anafuna yekha kupita. Anafunadi, koma palibe anamuuza kuti nyali yazimitsidwa ndi sipanala. Iye anatuluka akudziwa kuti galimoto yakonzedwa. Lachiwiri ndalama yake ikanathera pa pampu ndi kutsuka thanki.

Hedi ili kwa opala, ibwera Lolemba. Thanki tatsitsa, tatsuka, yauma. Ma injector apita kukayezedwa, chifukwa kupsa kwa silinda imodzi yokha kukusonyeza kuti yachitatu imalavula mochepa kuposa anzake, ndipo kuika valavu yatsopano pansi pa injector yotsekeka n'kuitananso chingwe. Geji yobwereka ndaitsekera m'bokosi langa la zida mpaka Sienta ithe. Ndisanasaine khadi ndikufuna kuona pulesha ili pakati pa 304 ndi 343 kPa osagwa ukaponda, ma trim onse awiri, wa nthawi yomweyo ndi wa long term uja, ataphatikizidwa asadutse 10 pa idling, pa 2500 rpm ndi pamsewu, ndipo tikakwere nayo chitunda chenicheni anyamata atadzaza kumbuyo, sikana ili pa miyendo. Pempho la geji ndalilembanso, ndaonjezerapo wideband ya kabureta, yoyezera muyeso wa mpweya ndi mafuta, ndasiya kope imodzi kwa a akawunti.