Mchere ukasintha m'nyanja, zoyamba kufa ndi zosatha kuthawa

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere. Nsomba ya m'madzi otere imataya madzi a m'thupi usana ndi usiku chifukwa mchere wakunja umawakoka. Kuti isaume, imamwa madzi omwewo n'kumatulutsa mcherewo kudzera m'ziwalo zake zopumira. Ntchitoyi imadya mphamvu, ndipo mchere ukakwera, mphamvu zokulira ndi zoikira mazira zimathera pomwepo.

Vuto looneka msanga lili pa mafakitale osandutsa madzi amchere kukhala akumwa. Pa malita 100 opopedwa m'nyanja, pafupifupi 45 okha ndi amene amakhala akumwa. Otsalawo amabwezedwa atasenza mchere wonse, magalamu oposa 60 pa lita. Madzi amenewa ndi olemera, choncho samwazikana pamwamba. Amamira n'kumakwawa pansi, osasakanikirana ndi apamwamba omwe amabweretsa okosijeni. Nsomba zazikulu zimangochokapo, koma nkhono, nyongolotsi za mumchenga ndi udzu wa pansi pa nyanja zilibe kothawira. Udzu wa Posidonia wa m'nyanja ya Mediterranean, womwe tiana ta nsomba timabisalamo, umayamba kufota mchere ukangopitirira magalamu 39 pa lita.

Kawirikawiri cholakwika chimakhala paipi yobwezera madziwo m'nyanja. Ikamalavulira madzi onse pakamwa pamodzi, pamalo osaya ndi odekha, mchere umaunjikana. Yabwino imafika kumene madzi amathamanga, ndipo imakhala ndi timabowo tambiri toloza m'mwamba mopendekeka kuti madziwo asakanikirane ndi a m'nyanja asanafike pansi. Ku Persian Gulf ngakhale izi sizikwanira bwino: nyanjayo ndi yosaya, dzuwa limaumitsa madzi ambiri, mchere unadutsa kale magalamu 40, komanso mafakitale a Saudi Arabia, Kuwait, Qatar ndi United Arab Emirates amatayira momwemo.

Kuchepa kwa mchere nakonso kumapha, ngakhale anthu sakukamba kwambiri. Mu 2019 zitseko za Bonnet Carré ku America, zomwe zimapatutsa madzi a mtsinje wa Mississippi kuti alowere kunyanja, zinatsegulidwa kawiri pofuna kuteteza mzinda wa New Orleans ku madzi osefukira a mtsinjewo. Madzi opanda mchere anadzaza m'mphepete mwa nyanja kwa miyezi ingapo, nkhono za oyisitara n'kufa zambirimbiri. M'nyanja ya Baltic ku Ulaya, mazira a nsomba ya cod amayandama pokhapokha mchere ukafika magalamu 11 pa lita. Ukachepa, amatsikira pansi pomwe okosijeni ndi wochepa, n'kufera komweko asanaswe.