Sabata ya Robert Plant ndi Alison Krauss pa wailesi yathu

Ntchito yanga ndi kukonza pulogalamu ya nyimbo za country yomwe imauluka Lamlungu madzulo. Amene amalankhula pa maikolofoni ndi wina. Ine ndimasankha nyimbo, kulemba zoti muulutsi anene, ndi kudzaza pepala la nyimbo zonse zomwe taika, lomwe limapita ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, kuti eni nyimbo alandire kangachepe kawo. Sabata yomaliza ya November 2021 inathera pa chimbale chimodzi, Raise the Roof, chimene Robert Plant ndi Alison Krauss anatulutsa pa 19 mwezi womwewo.

Pa msonkhano wa Lolemba, a bwana oyang'anira mapulogalamu anandifunsa: "Achimwene, anthu amenewa omvera athu akuwadziwa? Kuno amafuna Don Williams ndi Jim Reeves." Funsolo linali lomveka. Ndinawafotokozera kuti a Plant ndi a ku England, anatchuka akuyimba rock mu gulu la Led Zeppelin, pamene mayi Krauss ndi a ku Illinois ku America, katswiri wa vayolini ndi nyimbo za bluegrass, zomwe ndi zachibale ndi country. Chimbale chawo choyamba, Raising Sand, chinatuluka mu 2007 ndipo mu 2009 chinapata mphoto zisanu za Grammy. Anayesa kujambula chachiwiri koma sizinayende, aliyense n'kubwerera ku zake. Panadutsa zaka 14 kuti Raise the Roof chituluke, ndipo wochikonza ndi yemwe anakonzanso choyamba chija, T Bone Burnett, mu situdiyo ya ku Nashville. A bwana anandipatsa theka la ola.

Ntchito yeniyeni inali Lachiwiri ndi Lachitatu. Pa nyimbo 12 za m'chimbalechi, yatsopano ndi imodzi yokha, "High and Lonesome", yomwe a Plant anapeka ndi a Burnett. Zina zonse ndi za eni, ndiye pa mzere wa wopeka nyimbo sindikanangolemba maina a oyimbawo. Ndinayenera kufufuza mwini wa iliyonse, ndipo apo ndinaganiza zoti nyimbo yoyambirira izimveka pang'ono, yatsopano n'kutsatira.

Yomwe inanditengera nthawi ndi "Last Kind Words Blues". Anaijambula mu 1930 mayi wina wachikuda wa kummwera kwa dziko la United States, Geeshie Wiley, amene nyimbo zake zonse zojambulidwa, pamodzi ndi mnzake Elvie Thomas, ndi zisanu ndi imodzi basi. Mbale yake yakaleyo imasokosa ngati mvula pa malata. Mnyamata wathu wa mu situdiyo anayamba kuchotsa phokosolo pa kompyuta, koma akachotsa kwambiri mawu a mayiwo ankaonda, gitala n'kumveka ngati ili kutali. Tinabwereza mpaka tinagwirizana kusiyako phokoso lina. Titaika ya mayi Krauss pambuyo pake, mnyamatayo anavula mahedifoni n'kunena kuti, "Akulu, nyimboyi ndi imodzimodzi, koma chisoni chake n'chosiyana." Mawu amenewo ndinawaika mu zolemba za muulutsi.

"The Price of Love" nayonso inandikondweretsa. A Everly Brothers anaiyimba mothamanga mu 1965. A Plant ndi mayi Krauss anaichedwetsa kwambiri, ng'oma ya Jay Bellerose ikugunda pansipansi, moti mawu amene kale ankadutsa mwachangu tsopano munthu amawamva limodzi limodzi. Ine ndimaona kuti umu ndi mmene nyimbo ya wina iyenera kuyimbidwira: uionjezerepo chako, koma mwini wake umutchule. Zimandipweteka kuona magulu ena kwathu kuno akujambula nyimbo za akuluakulu amene anatisiya, pachikuto osalembapo ngakhale dzina.

Lachinayi ndinalemba ndi kudula zolemba kuti zikwane mphindi zathu, Lachisanu tinayeserera katchulidwe ka maina.

Lamlungu mafoni analira ndithu. Titaika "Going Where the Lonely Go" yoyimba mayi Krauss, bambo ena achikulire a ku Mulanje anaimba atakwiya pang'ono. "Nyimbo imeneyi ndi ya Merle Haggard, ine ndinali nayo pa kaseti. Mayiwa angoitenga." Muulutsi anawayankha mwaulemu: "Zoonadi bambo, ndi ya a Haggard, ya mu 1982, ndipo dzina lawo lili pa chimbalechi. Tamverani zonse ziwiri, mutiuze." Tinaziika motsatizana. Bambowo anaimbanso kunena kuti ya a Haggard sangaisiye, koma ya mayiwo tidzawaikirenso.

Nthawi inatithera tisanafike pa nyimbo za Anne Briggs ndi Bert Jansch, oyimba a ku Britain amene nyimbo zawo zilinso m'chimbalechi. A bwana anavomera kuti zimenezo zilowe mu pulogalamu ya Lamlungu lotsatira.