Nambala 8 pa singano zolukira

Lachinayi madzulo.

Pagulu loluka lero panabwera juzi imene yatuluka yotakata kuposa mwini wake. Ulusi unali wabwino, kalukidwe kosalala. Patani inali yakale ya ku Britain yolamula singano za nambala 8, pomwe singano zake zinali za ku America, nazonso zolembedwa 8. Titaziyeza zinapezeka za mamilimita 5, chonsecho patani imafuna 4.

Chisokonezochi chinayambira kwa opanga waya. Kale singano zachitsulo ankazidula pa waya, ndipo kuti waya aonde ankamukoka pa bowo la chitsulo cholimba, kenako pa bowo locheperapo, mpaka afike pomwe akufuna. Waya wokokedwa kambiri ndiye ankapatsidwa nambala yaikulu. N'chifukwa chake pa muyezo wa ku Britain nambala ikamakwera singano imaonda: 14 ndi mamilimita 2, 10 ndi 3.25, 8 ndi 4. Zonenepa kwambiri manambala adawathera, akungolemba 0, 00 ndi 000, imene ili mamilimita 10. Miyezo ya waya inalipo yambiri, wotchuka unali wa ku Birmingham, kufikira boma litakhazikitsa Standard Wire Gauge, imene idayamba kugwira ntchito mu 1884. Pa muyezo umenewo waya wa nambala 8 ndi mamilimita 4.06. Singano zambiri za dzikolo zinkapangidwa m'tauni ya Redditch.

Ku America adatembenuza: 0 ndi mamilimita 2, 6 ndi 4, 8 ndi 5. Miyezo iwiriyi imakumana pa nambala 7 pokha, mamilimita 4.5. Ku Japan nakonso kuli wawo, ndipo 8 wawo ndi 4.5.

Milimita imodzi musaipeputse. Ulusi wa DK, womwe ndi wonenepa mwapakatikati, pa singano za mamilimita 4 nthawi zambiri umapereka timfundo 22 pa masentimita 10, ndiye timfundo 110 timapanga masentimita 50. Singano yonenepa ikatsitsa timfundo kufika pa 20, mbali yomweyo ikhala 55. Kutsogolo ndi kumbuyo komwe, juzi yakula ndi masentimita 10, nayonso nsalu yalekerera.

Kwa ine, singano iliyonse yogula pa kaunjika iyenera kuyezedwa, ngakhale nambala ikuoneka bwino. Choyezera chake ndi kachitsulo kapena kapulasitiki ka timabowo. Lowetsani singano mpaka pathupi pake, osati kunsonga kokha chifukwa kumeneko n'kosongoka. Bowo laling'ono kwambiri limene yadutsa popanda kukakamiza ndilo saizi yake. Mukatero lukani kansalu koyesera ka masentimita 15, kachapeni, kaume, ndipo muwerenge timfundo ta pakati pokha. Ta m'mphepete timapindika n'kukunamizani. Timfundo tikachepa pa zimene patani yanena, tengani singano yoonderako ndi theka la milimita n'kuyesanso.