Mnyamata wa bulu uja

Lachinayi usiku. Tulo takana, tiyi wazizira m'kapu.

Masana ndinatuluka ndi agogo amene ndimawasamalira kuno ku South Shields, ku England, ndikuwakankha panjinga yawo. Pa Ocean Road anandiimitsa pa chiboliboli cha mwamuna ndi bulu. Ndachidutsa kambirimbiri pothamangira basi, osachiyang'ana n'komwe.

"Mwanangu, ameneyu ukumudziwa?"

"Ayi agogo."

Basi nkhani inayambika, mphepo ya kunyanja ikundiboola makutu. John Simpson Kirkpatrick, wobadwira m'tauni muno mu 1892. Ali mwana ankakweza anthu pa abulu kugombe. Atakula analowa ntchito ya pasitima, n'kuithawa atafika ku Australia mu 1910. Kenako maganyu: kudula nzimbe, kukumba malasha. Nkhondo itabuka mu 1914 analembetsa usilikali ngati John Simpson, dzina la bambo ake n'kulibisa, poti anali wothawa ntchito. Pa 25 Epulo 1915 anatsika ku Gallipoli, ku Turkey, monga wonyamula ovulala pamachira. Kumeneko anatola bulu, n'kumakwezapo ovulala miyendo kutsika nawo m'chigwa mpaka kugombe, zipolopolo zikulira. Anachita zimenezi kwa milungu itatu ndi masiku pang'ono. Pa 19 Meyi chipolopolo chinamupeza, ali ndi zaka 22.

Apa agogo anatentha. Akuti a ku Australia anamulanda: chiboliboli ku Canberra, chithunzi pa masitampa, dzina lake pakamwa chaka chilichonse pa Anzac Day, tsiku lokumbukira asilikali awo, chonsecho kwawoko anangokhalako zaka zinayi. "Ndi wathu ameneyu!" Mpaka kumenya dzanja pa bulangete.

Ine ndinangoti "eya, agogo", koma mumtima zinandinyansa pang'ono. Wathu, wawo. Munthu ali m'manda ku Beach Cemetery, ku Gallipoli komweko, kutali ndi onse awiri.

Chandisowetsa tulo ndi chimene anachitchula mongodutsa, tikubwerera. Ali ku Australia, mnyamatayu ankalembera amayi ake makalata n'kumawatumizira ndalama pa kamalipiro kake. Ndipo ambiri amati usilikaliwo anaulowa poganiza kuti sitima ipita ku England, apeze ulendo waulere wobwerera kwawo. Sitimayo inakawatsitsa ku Egypt.

Dzulo lomweli ndatumiza ya feteleza kwa amayi ku Ntcheu. Pafoni anafunsanso, "Nanga Khirisimasi ino ubwera?" Ndinayankha kuti tiona. Chaka chachitatu tsopano ndikuti tiona.

Sindikudziyerekeza naye ayi, ine palibe akundiombera mfuti, ntchito yanga ndi mapilitsi ndi matewera. Kungoti agogo akamati ngwazi, ine ndikungoona mwana wa eni ake akuwerengera mtengo wa tikiti.

Ndinafuna kuwafunsa ngati amayi ake anakaonako manda aja, koma anali atayamba kale kusinza. Mawa ndikulowa 7 koloko, yunifolomu sindinasite.